Umboni wa Amalume a Tadeyo

1. Chitseko cha kukhitchini

Loweruka limenelo Ndapile anadzuka atakwinya nkhope. Anzake a kusukulu anali atapangana zokaonera kanema m'tauni, koma iye, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ankayenera kukakwera phiri ndi anthu a kumpingo, ambiri a iwo amsinkhu wa mayi ake.

Mpingowo unali waung'ono, wa Amalawi okhala mu Glasgow, ndipo unkapemphera m'holo yobwereka ku Pollokshields. Chaka chilichonse, nyengo yotentha ikamatha, anthu ake ankachita zomwe anazolowera kwathu: kusala kudya tsiku lonse n'kukwera phiri kukapemphera. Ankangoiwala chinthu chimodzi, chakuti phiri la kwathu limakuwotcha ndi dzuwa pomwe la kuno limakuumitsa ndi mphepo. Koma kuwauza zimenezo akuluakulu a mpingo kunali kutaya nthawi chabe.

Mayi ake, a Sabina, anali namwino pachipatala china mumzindamo, ndipo tsikulo anali pantchito. Atavala kale yunifolomu, anamuitanira Ndapile kukhitchini n'kutseka chitseko. M'kanyumba kawo ka pamwamba ku Shawlands chitseko chimenecho sichinkatsekedwa wamba. Anamukankhira mbale ya phala n'kumuuza kuti amalize lonse, zosala kudyazo awasiyire akuluakulu.

Nkhani inali ya amalume ake, a Tadeyo, achimwene awo a mayi akewo. Anabwera ku Scotland zaka ziwiri m'mbuyomo kudzagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo ankagona m'kachipinda kakang'ono ka m'nyumba momwemo. Anali munthu wanthabwala, ndipo ndi iwo amene ankamukumbutsa Ndapile Chichewa chomwe chinayamba kumupulumuka. Koma anali ndi matenda a shuga kuyambira kale, oti jakisoni m'mawa uliwonse.

Miyezi itatu yapitayo, itatha sabata ya mapemphero, a Tadeyo anaima kutsogolo kwa mpingo n'kuchitira umboni kuti achira, ndipo jakisoni uja amutaya. Anthu analulutira, ena mpaka analira. Kuyambira tsiku limenelo aliyense ankangowatchula kuti bambo wa umboni. Amene sanalulutire anali a Sabina okha.

"Tchera khutu, chifukwa sindibwereza," anatero a Sabina motsitsa mawu. "Ine unesi ndaugwira zaka makumi awiri. Munthu wa shuga ngati wa amalume akowa akasiyadi jakisoni, sizitha sabata ziwiri tisanadziwe. Amamwa madzi osakhuta, amangopitapita kuchimbudzi, thupi limatha. Iwe wawaona atatha thupi? Lachinayi ndikuchapa ndinapeza kachivindikiro ka singano m'thumba la buluku lawo. Nditawafunsa akuti ndi ka kuntchito. Mwina n'zoona, koma mtima wanga ukukana. Ngati akubayabe mobisa, ndiye kuti lero abaya, sadya kanthu, n'kukakwera phiri. Shuga atsika kwambiri, ndipo munthu amatha kufera pomwepo anzake akuimba nyimbo. Uwayang'anitsitse. Ukaona thukuta pomwe kukuzizira, manja akunjenjemera, mawu akukokeka ngati a munthu woledzera, kapena ayamba kukalipa popanda chifukwa, usadikire. Ngati akutha kumeza, uwamwetse juwisi uyu. Ngati akomoka, usaike kanthu m'kamwa mwawo, uwagoneke cham'mbali n'kuimba 999. Ine ndimakhulupirira kuti Mulungu amachiritsa, mwana wanga. Koma sanatiuze kuti tizinama."

Anamupatsa mabotolo awiri ang'onoang'ono a juwisi, kapaketi ka maswiti ndi buledi wopaka chiponde, n'kumuuza kuti aike pansi penipeni pa chikwama.

Ndapile anafunsa m'Chingerezi chake cha ku Glasgow chifukwa chimene mayi akewo sakungowauza okha amalumewo. A Sabina anati ayesera kawiri, ndipo kawiri konse anayankhidwa kuti mlongo wamng'ono safunsa achimwene ake mafunso a kupolisi. Anayesanso kusinthana shifiti ndi mnzawo, koma zinakanika.

Chitseko chinatseguka. A Tadeyo anaima pakhomo atavala jekete ya suti ndi nsapato za kutchalitchi zopukutidwa bwino, Baibulo lili kukhwapa. Anayang'ana mlongo wawo, kenako Ndapile, kenako chikwama, n'kufunsa chimene awiriwo amanong'onezana m'mawa ngati uno. A Sabina anati amakamba za sukulu. Palibe amene anakhulupirira mnzake m'khitchini muja.

2. Chakudya chitsale m'minibasi

Anali anthu asanu ndi anayi, ndipo wachinyamata anali Ndapile yekha. Minibasi ankayendetsa a Goodwill, mkulu wa mpingo, bambo wamtali wa mawu aakulu amene ankakonda kuti zinthu ziziyenda mwa dongosolo lake. Anatuluka mu Glasgow kulowera kumpoto, ulendo wa maola awiri. Dzina la phirilo linali la chiyankhulo chakale cha anthu a kumapiriko, ndipo palibe lilime la Mmalawi limene linalikwanitsa. Ankangoti Phiri la Mapemphero.

Poimika magalimoto m'munsi mwa phiri, a Goodwill anasonkhanitsa gulu lonse kumbuyo kwa minibasi.

"Abale, lero sitinabwere kudzaona malo ngati azungu awa," anatero. "Tabwera kudzafuna nkhope ya Mulungu. Chakudya chonse chitsale muno, tidzamasula tikatsika. Ndikunena izi chifukwa chaka chatha tinapeza mapepala a mabisiketi pamalo pomwe timapempherera, ndipo mpaka lero mwini wake sanaulule. Munthu mmodzi wodya mobisa amalemetsa pemphero la gulu lonse. Madzi okha ndiwo aloledwa. Ngati wina akudziwa kuti m'chikwama mwake muli kanthu, atulutse pano tisanayambe, palibe amene amuseke. Koma tikakam'peza nako kumtunda, imeneyo ikhala nkhani ina. Achinyamata makamaka, musationongere ulendo chifukwa cha mimba."

Achinyamata ake anali ati, poti analipo mmodzi? Maso onse anatembenukira kwa Ndapile ndi chikwama chake chachikulu. Iye anawerama n'kuyamba kumanga zingwe za nsapato zomwe zinali zomanga kale. Sanatulutse kanthu, ngakhale anali asananamizepo mkulu wa mpingo.

Mayi Winifred, mayi wamasiye amene ankagwira ntchito pamalo amodzi ndi a Tadeyo, ndi amene anamupulumutsa. Anati mwanayo amusiye, m'chikwamamo muli majekete, ana a kuno amaopa mphepo kuposa njoka. Anthu anaseka. Dengu lawo la mandasi ndi mafulasiki a tiyi anazisiya pampando wakumbuyo, ndipo a Goodwill anakiya minibasi.

Asananyamuke, kunadutsa mayi wina wokalamba wa ku Scotland komweko, ali ndi ndodo ziwiri ndi nsapato zolimba. Anayang'ana nsapato za a Tadeyo, anayang'ana zitenje za amayi, n'kuchenjeza mwaulemu kuti masana mtambo utsika pamwamba pa phiri ndipo kuzizira kwambiri. A Goodwill anathokoza m'Chingerezi chabwino. Mayiyo atapita, anauza gulu m'Chichewa kuti munthu amene anakwerapo Mulanje sangaopsezedwe ndi chulu.

3. Kuseri kwa mwala

Njira inayamba bwino. Inadutsa m'nkhalango ya mitengo ya paini, kenako inatulukira pamtunda wopanda mtengo ndi umodzi womwe, wa tizitsamba tofiirira ndi nkhosa zongoyendayenda zopanda mbusa. Anthu ankaimba. A Tadeyo ndiwo ankatsogolera nyimbo, ndipo mawu awo anali amphamvu ngati masiku onse.

Ndapile ankayenda pambuyo pawo. Akafulumira, nayenso ankafulumira. Akaima kuti apume, nayenso ankaima n'kumanamizira kujambula nkhosa pafoni. Ankayang'ana manja awo, khosi lawo, mayendedwe awo, ndipo kwa ola lathunthu sanaone cholakwika. Anayamba kuchita manyazi. Mwina mayi ake amangokayikira munthu wosalakwa, ndipo iye wasanduka kazitape wa amalume ake enieni.

Atayenda ola ndi theka anafika panyanja yaing'ono yomwe ili pakati pa mapiri. Madzi ake anali akuda ndi ozizira, osagwedezeka. Kutsidya kwake phiri lenileni linaima chilili, ndipo njira inkaoneka ikukwera ngati makwerero mpaka kumwamba. Nyimbo zinatha zokha anthu ataona zimenezo. A Goodwill analamula kuti apume mphindi khumi.

Anthu ali kumwa madzi, a Tadeyo anadzuka mwakachetechete n'kulowera kuseri kwa mwala waukulu womwe unali chapatali pang'ono. Aliyense anaganiza kuti akukadzithandiza. Ndapile anazengereza, chifukwa kutsatira munthu wamkulu kumalo otero n'chinthu chonyansa ngakhale kwa mwana wokulira ku Glasgow. Koma anaona kuti asananyamuke anagwira kaye thumba la m'kati la jekete, ngati munthu wotsimikiza kuti chinthu chake chilipo. Ndapile naye anadzuka n'kuzungulira mbali ina ya mwalawo.

A Tadeyo anali atakhala pansi. Pabondo pawo panali kachikwama kakang'ono kakuda kotsegula. Anadzibaya chala ndi kasingano, anafinya kadontho ka magazi n'kukaika pa kamakina koyezera shuga. Anayang'ana nambala yomwe inatuluka kwa nthawi yaitali, kenako anapukuta chipumi ndi mkono wa jekete. M'kachikwamamo munalinso jakisoni uja wooneka ngati cholembera, yemwe mpingo wonse unkadziwa kuti anatayidwa.

Atatukula maso anaona Ndapile. Sanadzidzimuke kwambiri. Anatseka kachikwamako, n'kumukodola kuti ayandikire.

"Mayi ako akutuma kuti uzindilonda, eti? Ndakuona kuyambira paminibasi paja. Ndikatembenuka uli pambuyo, ndikaima nawenso waima. Tamvera, Ndapile. Iwe wakulira kuno, kumene mwana amayankha bambo ake mmene wafunira. Kwathu sizitero. Kwathu mwana akaona wamkulu ali pobisika, amatembenuka n'kuiwala zimene waona. Ndiwe mwana wa mlongo wanga. Tsiku la ukwati wako nkhoswe ndidzakhala ine, zinthu zikadzakuvuta pabanja wokuyankhulira ndidzakhala ine. Munthu wotero sumuchititsa manyazi pagulu. Ine sindinanamize munthu. Sabata ija shuga anatsikadi, ndinaona ndi maso angawa, ndipo ndinanena zimene ndinaona. Atakweranso, ukanakhala iwe ukanatani? Ndikaime kutsogolo kwa anthu amene analira chifukwa cha ine, ndiwauze kuti analira pachabe? Tsono tseka pakamwa. Tikwera, tipemphera, titsika, ndikadya mandasi kuminibasi, ndipo palibe chimene chichitike."

Ndapile anayang'ana pansi mmene mwana amachitira. Kenako anafunsa funso limodzi lokha.

"Amalume, lero mwabaya?"

A Tadeyo anabweza kachikwama kaja m'thumba la m'kati, anadzuka, anasasa buluku, n'kubwerera kugulu. Ndapile anawathamangira n'kuwanong'oneza kuti ali ndi maswiti, atha kudya awiri pomwepo popanda woona. Anamuyang'ana ngati wawatukwana. Anati bodza limodzi lawakwana, sangaonjezere lina lodya mobisa tsiku losala kudya.

4. Makwerero a miyala

Kuchoka panyanjapo njira inasintha. Inali ya miyala yosanjikizana, ndipo phazi lililonse linkafuna mphamvu. Mphepo inayamba kuwomba kuchokera kumtunda. Amayi anamanga zitenje m'mutu ndi m'khosi, ndipo amene ankaseka chikwama cha Ndapile anayamba kumubwereka magolovesi ndi chipewa.

Anthu onse ankanjenjemera ndi kuzizira, koma a Tadeyo anavula jekete n'kuikoleka paphewa. Malaya awo anali atanyowa kumsana. Baibulo linawapulumuka kawiri. Kachiwiriko Mayi Winifred anawatolera n'kuwafunsa ngati ali bwino, ndipo a Tadeyo, munthu amene sankakalipira ngakhale mwana, anawayankha mwaukali kuti asamale zawo. Mayiwo anangoti kukamwa yasa.

Manong'onong'o anayamba kumbuyo kwa mzere. Bambo wina anati iye anaona a Tadeyo akulowa kuseri kwa mwala atagwira thumba, ndipo anabwerako maso atasintha. Mayi wina anati kuyenda kotereku iye amakudziwa, malemu amuna ake ankayenda choncho Loweruka lililonse. Mawu akuti kachasu sanatchulidwe, koma aliyense anawamva.

Ndapile anamva zonsezo ndipo zinamupweteka. Amalume ake mowa sankaulawa n'komwe. Anapita kutsogolo kwa a Goodwill n'kuwapempha mwaulemu kuti gulu libwerere, chifukwa amalume sakupeza bwino. A Goodwill anamufunsa chimene chikuwavuta. Apa Ndapile anagwidwa njakata. Akanena, waulula. Anangoti akuoneka otopa.

A Goodwill anaseka n'kunena kuti aliyense watopa, ndipo pamwamba pangotsala mphindi makumi awiri. Anawonjezera kuti munthu amene walandira chozizwitsa chachikulu ndi amene mdani amalimbana naye kwambiri, choncho chofunika ndi pemphero, osati kubwerera. Kenako anamuyang'ana Ndapile mokayikira n'kumufunsa ngati wotopayo sali iye mwini.

Ndapile anabwerera pambali pa amalume ake. Anatulutsa switi imodzi, naibisa m'dzanja, n'kuyesa kuwafumbatitsa. A Tadeyo anakutumula dzanja ndipo switiyo inagwera pakati pa miyala. Dzanja lawolo linali lozizira, lonyowa, ndipo linkanjenjemera.

Pamenepo mtambo uja unatsika, monga ananenera mayi wa ndodo ziwiri. Nyanja yomwe inali kuoneka m'munsi inasowa. Munthu ankangoona msana wa mnzake wa patsogolo.

5. Pamwamba

Pamwamba pa phiri panali mulu wa miyala ndi mphepo yokhayokha. Malo okongola omwe anthu amakwerera phirilo sanaoneke. A Goodwill anauza anthu kuti agwirane manja mozungulira muluwo, ndipo asanayambe mapemphero anapempha bambo wa umboni kuti akumbutse gulu zimene Mulungu anawachitira.

A Tadeyo anatsegula pakamwa. Anatchula dzina la Mulungu, kenako anatchula nambala ya chipinda cha gogo wina wa kuntchito kwawo, kenako anafunsa ngati basi ya ku Limbe yapita kale. Mawu ankakokeka. Miyendo inawalobodoka ndipo anakhala pansi, msana atatsamira miyala, maso ali pamtunda.

Gululo linagawikana pomwepo. Ena anapukusa mitu n'kuyang'anana, kusonyeza kuti zimene amanena zija zatsimikizika. Ena anakweza mawu n'kuyamba kudzudzula mizimu yoipa. A Goodwill anaika dzanja pamutu pa a Tadeyo n'kupemphera mofuula kuposa mphepo.

Ndapile anagwada, anakhuthula chikwama chake chonse pansi, n'kutulutsa botolo la juwisi. Buledi ndi maswiti zinagwera poyera, aliyense akuona. Asanatsegule botolo, dzanja la a Goodwill linamugwira pamkono.

"Ndinanena chiyani kumunsi kuja? Wabisa chakudya, tsopano ukufuna kumasulitsa munthu wa Mulungu pakati pa nkhondo? Bweza zimenezo."

Ndapile anayang'ana amalume ake. Milomo yawo inali itayera, ndipo mutu unayamba kugwera pachifuwa. Ankawakonda amalume akewo, ndipo ankadziwa kuti mawu amene ali pafupi kunena awapweteka kuposa kuwamenya. Akanatha kuyankhula Chingerezi, chomwe chimatuluka msanga pakamwa pake. Koma anasankha Chichewa kuti pasakhale wonena kuti sanamve.

"Amalume sanachire. Akubayabe jakisoni, ndipo lero abaya osadya kanthu. Sanaledzere, ndipo si mizimu. Shuga watsika. Akapanda kumwa ichi panopa, afera pano."

Mapemphero anaduka. A Goodwill anati mwanayu akunyoza ntchito ya Mulungu, koma mawu awo anali atachepa mphamvu. Ndapile anakoka mkono wake, anatenga jekete ya amalume ake, napisa dzanja m'thumba la m'kati. Amayi awiri anatembenuzira nkhope kumbali poona mwana wamkazi akupisa m'thumba la amalume ake. Iye anatulutsa kachikwama kakuda kaja n'kukatsegula pamaso pa onse.

Mayi Winifred ndiwo anayamba kusuntha. Ntchito yoyeza shuga ankaigwira tsiku ndi tsiku kwa okalamba. Anagwada, anabaya chala cha a Tadeyo, ndipo kamakina kanaonetsa 2.4. Anauza gulu kuti nambala iliyonse yosafika pa folo ndi ngozi, ndipo iyi ndi ya munthu amene watsala pang'ono kukomoka. Anawadzutsa mutu, nawaitana ndi dzina, n'kuona kuti akutha kumeza.

Poyamba a Tadeyo anakana, akukankha botolo ndi kung'ung'udza zosamveka. Ndapile anawagwira dzanja n'kumawachonderera kuti amwe pang'ono pokha. Anamwa. Botolo loyamba linatha, lachiwiri linatsatira. Anawafunditsa jekete yawo ndi ya Ndapile pamwamba pake, ndipo anthu anaima mowazungulira kuti atchinge mphepo. Palibe amene anawauza kuti atero.

Patatha mphindi khumi ndi zisanu maso awo anabwerera. Mayi Winifred anayezanso, napeza kuti shuga wakwera kufika pabwino, ndipo anawapatsa buledi uja kuti asatsikenso. A Tadeyo anatafuna pang'onopang'ono. Kenako anaona kachikwama kakuda kali chotsegula pamwala, jakisoni ali poyera. Anayang'ana nkhope za anthu asanu ndi awiri a mpingo wawo, mmodzimmodzi, ndipo pomaliza anayang'ana Ndapile. Sanafunse chimene chachitika.

6. Kutsika

Mapemphero a chaka chimenecho anathera pomwepo. A Goodwill anangonena pemphero lalifupi lothokoza kuti palibe amene watayika, ndipo analamula kuti atsike. Iwo eni ndiwo anagwira a Tadeyo mkono pamakwerero a miyala paja. Nyimbo panalibe. Amene ankanong'ona za mowa aja tsopano ankanong'ona za bodza, ndipo anali anthu omwewo.

Atatsika kufika panyanja paja, mtambo unatsala kumtunda ndipo dzuwa linawala pang'ono. Gulu linakhala pansi kupuma. Ndapile anatenga maswiti otsala n'kupita nawo kwa amalume ake, amene anakhala okha pamwala m'mphepete mwa madzi. Anagwada n'kuwapatsa ndi manja awiri.

A Tadeyo analandira, chifukwa thupi linkafuna. Koma sanamuyang'ane.

"Wandivula pagulu, Ndapile," anatero. "Moyo wandipatsa, sindikukana. Koma undiuze kumene ndikaloze nkhope Lamulungu."

Ndapile anakhalabe chogwada. Anayembekezera kuti mwina amuseka pang'ono, kapena amutchula dzina lachibwana lomwe ankamutchula kunyumba, koma iwo anangoyang'ana madzi. Ndapile anadzuka n'kuchoka, ndipo atafika poti anthu sakumuona bwino analira. Ankadziwa kuti wachita choyenera, koma kudziwako sikunachepetse ululu.

Ulendo utayambanso iye anatsalira m'mbuyo dala. Sanafune maso a anthu. Ena ankamuyang'ana ngati mwana wolimba mtima, ena ngati mwana wopanda mwambo, ndipo zonse ziwiri zinkamulemera. Atayandikira nkhalango ya paini anazindikira kuti sali yekha. Mayi Winifred nawonso anali atachepetsa liwiro mpaka awiriwo anayenda limodzi.

Anayamba ndi kumuyamikira. Anati mayi ake anamulera bwino, ndipo amalumewo mkwiyo udzawathera. Kenako anayang'ana kutsogolo ngati akuyeza mtunda umene unali pakati pa iwo ndi gulu. Anamugwira Ndapile pamkono n'kumuimitsa.

"Mwana wanga, ndikuuze chinthu, koma chithere pompano. Ine ndili ndi BP, ya mapiritsi a tsiku ndi tsiku. Tsiku limene amalume ako anachitira umboni, ine ndinalira kuposa onse. Ndinati ngati Mulungu wachiritsa a Tadeyo, amene ndimagwira nawo ntchito, ine angandisiye bwanji? Nditafika kunyumba mapiritsi onse ndinawataya m'bini. Miyezi itatu tsopano sindinamwe. Sabata ziwiri izi mutu ukundipweteka kumbuyo kuno, ndipo pamwamba paja, ndikuwerenga kamakina kaja, diso limodzi limaona mdima. Ndipita kuchipatala ndekha, ndikapeza mpata. Koma usauze mayi ako. Iwo ndi nesi, andikokera kuchipatala lero lomwe, ndipo nkhani ifika kumpingo. Anthu adzati a Tadeyo anatsala pang'ono kupha munthu. Manyazi a lerowa awakwana, usawaonjezere ena. Wandimva?"

Ndapile anayang'ana kutsogolo. Amalume ake anali kulowa m'nkhalango, atawerama, nsapato za kutchalitchi zija zili matope okhaokha. Anayang'ananso Mayi Winifred, ndipo anaona kuti mayiwo akutsinzinitsa diso lakumanzere pofuna kumuona bwino.

Nthawi yomweyo foni inalira m'thumba mwake. Netiweki inali itabwerera. Anaitulutsa, ndipo pagalasi panali dzina la mayi ake.

"Uwauze kuti tonse tili bwino," ananong'ona Mayi Winifred.

Foni inapitiriza kulira, ndipo dzanja la mayiwo linali lisanachoke pamkono pake.